Sapu yanga ya logic, ndi zimene ndinachedwa kuzimvetsa

Ndinafika ku yunivesite ndili ndi mapointi 11 a MSCE, masamu nditakhoza ndi 1, ndipo kwathu ku Mchinji anthu anali atayamba kale kunditchula kuti injiniya. Amalume anandigulira laputopu yogwirapo kale ntchito kwa munthu wina ku Lilongwe. M'mutu mwanga, maphunziro a kompyuta anali kukhala pa makina n'kumalemba mapulogalamu, basi. Pa mndandanda wa makosi a semesita yoyamba panali ina ya logic ndi computation, koma sindinaiganizire n'komwe. Kosi imeneyi ndi imene inandibweza kusukulu pakati pa holide kukalemba sapu (supplementary, mayeso olembanso ukalephera kosi) anzanga ali kwawo. Ndikulembera inu amene mwangosankhidwa kumene, ndi inu amene muli kale m'kalasi imeneyi mukungogwedeza mutu chonsecho simukumva.

Tsiku loyamba ndinanyamula laputopu ndi chaja yake. Sinatuluke m'chikwama, ndipo sinatulukemo semesita yonse pa kosi imeneyi. Aphunzitsi analowa ndi cholembera pa bolodi chokha. Analemba zilembo ziwiri, P ndi Q, n'kunena kuti chilembo chilichonse chikuimira chiganizo chimene chingakhale choona kapena chabodza, palibenso pakati. Kenako anajambula timizere tinayi ta T (choona) ndi F (chabodza) timene amatitcha truth table. Zinaoneka zophweka kuposa masamu a Fomu 2. Ndinayang'ana mnzanga amene ndinakhala naye pafupi, tonse n'kumwetulira.

Pa sabata yachiwiri tinafika pa kamuvi kaja, P → Q, kamene amakawerenga kuti "ngati P, ndiye Q". Aphunzitsi anati chiganizo chotere chimakhala chabodza pa mzere umodzi wokha: pamene P ndi yoona koma Q ndi yabodza. P ikakhala yabodza, chiganizo chonse n'choona, kaya Q ikhale yotani. Anapereka chitsanzo: "Ngati 2 + 2 = 5, ndiye Lilongwe ili ku Zambia." Anati chimenechi n'choona. Kalasi yonse inaseka. Inenso ndinaseka, koma mumtima zinandisowetsa mtendere, chifukwa sindinaone mmene bodza lingabereke choonadi. Anafunsa ngati pali funso. Tinali anthu oposa 100 m'chipindamo, ndipo palibe anakweza mkono. Ndinalemba m'kope kuti T, F, T, T, n'kudula mzere kunsi kwake, madzulo ake n'kuloweza.

Apa ndi pamene ndinasochera, ngakhale ndinazindikira patapita miyezi. Ku sekondale kuloweza kunandithandiza kwambiri. Ndinkatenga mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, kuona mmene mafunso amabwerera, kuloweza njira yake, mayeso akafika n'kungoitsanulira pa pepala. Ndinaganiza kuti kunonso zikhala chimodzimodzi. Masabata oyamba zinaoneka ngati zikutheka, chifukwa truth table ungathe kuidzaza osadziwa chimene ukuchita. Zilembo ziwiri, mizere inayi. Zilembo zitatu, mizere 8. Zinayi, mizere 16. Ndinkadzaza mofulumira kuposa anzanga ambiri, ndipo zimenezo zinandipusitsa.

Tinali ndi ma tutorial Lachinayi masana, m'magulu a anthu pafupifupi 20. Ndinapitako kawiri. Ulendo wachiwiri wotithandiza uja anandiitana kutsogolo kuti ndisandutse chiganizo cha Chingerezi chokhala ndi "only if" kukhala zizindikiro. Ndinalozetsa kamuvi mbali yolakwika. Anandifunsa mwaulemu ndithu chifukwa chimene ndaikira choncho, ndipo ndinalibe yankho. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, anthu ali duu. Palibe anandinyoza, koma manyazi amene ndinamva anandikwana. Kuyambira tsiku limenelo Lachinayi masana ndinkapita ku layibulale kukawerenga ndekha, n'kumadziuza kuti ndekha ndimamva bwino.

Ndikanadziwa, ndikanapitabe. Tutorial ndi malo okhawo kumene munthu wina amaona mmene ukuganizira n'kukuuza pamene wakhotera. Ku layibulale ndinkangowerenga mayankho olembedwa kale m'buku. Yankho la logic ukamaliwerenga limaoneka lomveka, mzere uliwonse umagwirizana ndi unzake, ndiye umatseka buku uli wokhutira. Ukapatsidwa pepala loyera ndi pamene umadziwa kuti sunagwire kanthu.

Ma assignment sanandichenjeze, chifukwa sindinkalemba ndekha. Pa gulu lathu la WhatsApp mayankho ankabwera usiku woti mawa lake tipereka. Sindinkakopera liwu ndi liwu. Ndinkawerenga, kuvomereza kuti n'zoona, kenako kulemba m'mawu anga, ndipo ndinkadziona ngati sindikuba. Ndinapeza 17 pa 20 ndi 18 pa 20. Mayeso a pakati pa semesita atabwera ndinapeza 9 pa 30.

Ndikukumbukira funso limodzi la pa mayeso amenewo. Linati tilembe chotsutsana ndi chiganizo chakuti wophunzira aliyense m'kalasi ali ndi foni. Ndinalemba kuti palibe wophunzira amene ali ndi foni, n'kupita pa funso lina ndili ndi chikhulupiriro chonse. Yankho lake linali lakuti pali wophunzira mmodzi, ngakhale mmodzi yekha, amene alibe foni. Kuti utsutse munthu amene akuti "onse", sufunika kusonyeza kuti "palibe", ungomupezera mmodzi. Pepala litabwera ndinalipinda kanayi n'kuliika pansi pa sutikesi. Sindinapite nalo kwa aphunzitsi, ngakhale analengeza maola amene amapezeka mu ofesi. Amayi ataimba foni kufunsa za sukulu ndinati zonse zili bwino.

Theka lachiwiri la kosi linali la timakina tongoyerekeza totchedwa finite state machine: timabwalo tolumikizidwa ndi mivi, tolandira manambala a 0 ndi 1. Pofika apa ndinali nditatsalira kale, ndipo ndinayamba kujomba ngakhale makalasi enieniwo. Sabata ziwiri mayeso asanayambe ndinasonkhanitsa mapepala a zaka zitatu zam'mbuyo. Ndinaona kuti kawiri konse panabwera funso lojambula makina olandira mndandanda wokhala ndi ma 1 ochuluka mogawika ndi 2. Ndinaloweza chithunzi chake mpaka ndinkatha kuchijambula maso ali chitsekere. Pa mayeso panabwera funso lina: jambulani makina olandira manambala a binary (olembedwa ndi 0 ndi 1 okha) ogawika ndi 3. Linali la malikisi 15. Ndinakhala mphindi 20 ndikuyang'ana pepala, kenako ndinajambula chija ndinalowezachi n'kuwonjezapo kabwalo kachitatu, mivi n'kungoiloza kulikonse.

Zotsatira zinatuluka ndili kumudzi. Makosi ena onse ndinakhoza. Pa logic panali 38, ndi mawu akuti ndikalembe supplementary. Ndinaziona pa foni ndili kuseri kwa nyumba, kumene netiweki imagwirako bwino, ndipo miyendo inazizira. Ndinakhala masiku awiri osauza munthu. Tsiku lachitatu madzulo, amayi akusenda mtedza pakhonde, ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza.

Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye kuti akuchotsa, mwananga?"

Ndinati, "Ayi amayi, andipatsa mwayi wolembanso. Koma ndikalepheranso ndiye zivuta."

"Pakufunika zingati?"

Mawa lake anagulitsa matumba awiri a mtedza amene ankasunga kudikira kuti mtengo ukwere. Vendayo anagula motchipa chifukwa anaona kuti tili pa changu. Ndalama imeneyo inapita ku thiransipoti, ku chindapusa cha sapu, ku kachipinda kamene ndinachita lendi kwa masabata atatu pafupi ndi sukulu, ndi ku chakudya. Ndinasiyanso kaganyu kophunzitsa masamu ana a Fomu 4 kamene ndinali nditapeza pa holideyo. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe mtengo weniweni wa sapu. Umalipidwa ndi anthu amene sanalowe m'kalasimo.

Amene anandithandiza ndi mchemwali wina wa chaka chachitatu amene tinkaimba naye kwaya, yemwe anatsalira pa sukulu chifukwa cha pulojekiti. Nditamufotokozera, sanatsegule buku. Anang'amba pepala zidutswa zinayi n'kulemba E, K, 4 ndi 7, chilichonse pa kachidutswa kake, n'kuziyala pa tebulo.

"Achimwene, kakhadi kalikonse kali ndi lembo mbali ina, nambala mbali inayo. Ine ndikuti: ngati mbali ina kuli lembo la liwu, ndiye mbali inayo kuli nambala yogawika ndi 2. Mutembenuza ati kuti mudziwe ngati ndikunama?"

Ndinayankha msanga kuti E ndi 4.

Sananene kuti ndalakwa. Anang'ambanso zidutswa zina zinayi n'kulemba: mowa, Fanta, zaka 25, zaka 16. "Tsopano ndinu wapolisi, mwalowa m'bala. Lamulo likuti ngati munthu akumwa mowa, akhale wa zaka 18 kupita m'mwamba. Awa awiri mukuona chimene akumwa koma simukudziwa zaka zawo. Awa awiri mukudziwa zaka zawo koma simukuona chimene chili m'kapu. Mufufuza ati?"

"Wa mowayo, ndi wa zaka 16."

"Nanga wa zaka 25?"

"Ameneyo amwe chilichonse, sakuphwanya lamulo."

"Bwererani ku makadi oyamba aja."

Ndinayang'ana, ndipo tsitsi linandiima. Khadi la 4 ndi munthu wa zaka 25 uja: kaya kuseri kwake kuli lembo lotani, lamulo silinaphwanyidwe. Khadi la 7 ndi mwana wa zaka 16: kuseri kwake kukapezeka lembo la liwu, lamulo lagwa. Funso linali limodzimodzi, ndipo lachiwiri ndinaliyankha mosaganiza n'komwe. Anandiuza kuti mayeso a makadi anayiwa anayambitsa ndi katswiri wa za maganizo a anthu wa ku England, Peter Wason, mu 1966, ndipo anthu ambiri, ophunzira a ku yunivesite omwe, amalakwa monga ndinalakwira ine, koma akawapatsa nkhani ya mowayo ambiri amakhoza. Zimenezi zinandimasula. Kwa miyezi inayi ndinkadziona ngati mutu wanga ndi wosakwanira. Chimene chinalipo n'chakuti ndinkayang'ana zizindikiro popanda kuzifunsa kuti zikunena chiyani.

Kenako anabwerera ku T, F, T, T ija. "Bambo anu akuuzani kuti ukakhoza mayeso ndikugulira njinga. Ndi liti pamene munganene kuti bambo anama?" Ndinawerenga ndi zala. Ndakhoza, agula: sananame. Ndakhoza, sanagule: anama. Ndalephera, sanagule: sananame. Ndalephera koma agulabe chifukwa cha chifundo chawo: apanso sananame, pakuti sanalonjeze chimene adzachite ndikalephera. Mzere umodzi wokha ndi umene uli ndi bodza. Kamuvi kaja ndi lonjezo, ndipo lonjezo limasweka pokhapokha chimene anadalira chachitika koma cholonjezedwacho sichinabwere. Chiganizo cha Lilongwe ndi Zambia chija n'choona m'njira imeneyi: 2 + 2 sidzakhala 5, ndiye lonjezolo palibe tsiku limene lidzasweke.

Kuchokera tsiku limenelo ndinadziikira lamulo limene ndikupatsaninso inu. Chizindikiro chilichonse ndisanachigwiritse ntchito, ndinkayamba ndachinena m'Chichewa ndi chitsanzo cha zinthu zimene ndimazidziwa. Kumeneku ndi kumene ndinathera sabata yoyamba yonse, ndipo ndinapeza zinthu zimene zinandidabwitsa za chilankhulo changa chomwe.

Tengani liwu lakuti "kapena". Mlendo akafika pakhomo timafunsa kuti, "Mumwa tiyi kapena thobwa?" ndipo tikutanthauza chimodzi mwa ziwirizi. Koma chidziwitso cha ntchito chikati akufuna munthu wodziwa Chitumbuka kapena Chiyao, wodziwa zonse ziwiri sabwezedwa. Ndiye palinso "kapena" wachitatu, wa kukayika, monga "kapena abwera mawa". OR wa mu logic ndi wachiwiri uja: chimodzi chikwanira, zonse ziwiri zilinso bwino. Wa tiyi ndi thobwa ali ndi dzina lake, XOR. Semesita yonse ndinkawerenga OR ndi maganizo a tiyi ndi thobwa, ndipo ndinkadabwa chifukwa chake mzere wa T ndi T umapereka T.

"Only if" ija inandichititsa manyazi pa tutorial ndi "pokhapokha" wathu yemweyu. Ulowa m'chipinda cha mayeso pokhapokha uli ndi chiphaso. Kodi aliyense amene ali ndi chiphaso alowa? Ayi, wina angabwezedwe chifukwa cha fizi. Koma aliyense amene walowa, tikudziwa kuti chiphaso ali nacho. Ndiye kamuvi kachokera pa kulowa kupita pa chiphaso. Ndikanati ndiganize choncho tsiku lija kutsogolo kwa anzanga, ndikanayankha bwino, chifukwa nkhani ya pokhapokha ndimaidziwa kuyambira ndili mwana.

Malamulo a De Morgan otsutsira ziganizo zokhala ndi "ndi" ndi "kapena", amene ndinkawaloweza ngati ndakatulo, anakhala nkhani ya ku hositelo. Wina akati, "Si zoona kuti lero madzi ndi magetsi zonse zilipo," ndiye kuti madzi palibe, kapena magetsi palibe, kapena zonse palibe. Wina akati, "Si zoona kuti kuli nyama kapena nsomba," ndiye kuti nyama kulibe ndipo nsombanso kulibe. Kukana kukalowa m'kati, "ndi" amasanduka "kapena", "kapena" amasanduka "ndi". Za "aliyense" ndi "pali wina" nazonso zinamveka nditayesa ziganizo ziwiri izi: mwana aliyense ali ndi mayi amene anamubereka, pali mayi mmodzi amene anabereka mwana aliyense. Mawu ake ndi omwewo, kungosinthana malo, koma choyamba n'choona ndipo chachiwiri n'chosatheka. Pa zizindikiro kusiyana kwake ndi kungoti ∀ ("aliyense") ndi ∃ ("pali wina") watsogola ndani. Ndinataya malikisi ambiri pa kanthu kameneka.

Ena amati Chichewa sichingakwanitse nkhani zoterezi. Ine sindivomereza. Munthu akakufunsa kuti "Simunadye?" iwe n'kuyankha kuti "Eya", ukuvomereza chiganizo chimene wanenacho monga chilili, ndi kukana kwake komwe, ndipo umo ndi mmene logic imachitira. Mayeso mudzalemba m'Chingerezi, inde, ndipo mawu ngati "unless" ndi "only if" muyenera kuwazolowera. Koma kuganiza kwenikweniko chitani m'chilankhulo chimene mumakangana nacho kunyumba.

Sabata yachiwiri tinalowa m'timakina tija. Mchemwali uja anandifunsa chimene chimachitika ndikalakwitsa PIN ya SIM khadi katatu. Ndinati imatsekeka n'kufuna PUK. Anafunsa kuti foniyo iyenera kukumbukira chiyani kuti ichite zimenezo. Kodi isunge manambala onse olakwika amene ndalemba? Ayi, ingokumbukira kuti ndalakwitsa kangati: sindinalakwitse, kamodzi, kawiri, yatsekeka. Anati kabwalo kalikonse pa chithunzi chija ndi chinthu chimodzi chimene makinawo akukumbukira, ndipo funso loyamba pojambula makina aliwonse ndi lakuti: n'chiyani chochepetsetsa chimene ndiyenera kukumbukira?

Madzulo a tsiku limenelo ndinatenga funso la malikisi 15 lija n'kupita nalo kuseri kwa kachipinda kanga. Ndinakumba timaenje titatu pansi ngati ta bawo, n'kutola kamwala. Kuti ndidziwe ngati nambala ikugawika ndi 3, sindifunika kukumbukira nambala yonse, koma chotsala chake ndikaigawa ndi 3, ndipo chotsalacho chingakhale 0, 1 kapena 2 basi. Ndiwo maenje atatuwo. Mu binary, ukawonjezera nambala ina kumapeto, nambala yonse imachulukitsidwa kawiri, kenako n'kuphatikizapo 0 kapena 1 wawonjezerayo. Ndiye kamwala kakakhala pa dzenje la 1 n'kubwera 0, kapita pa 2. Kakakhala pa 1 n'kubwera 1, ndiye 3, chotsala 0, kabwerera poyambira. Kakakhala pa 2 n'kubwera 0, ndiye 4, chotsala 1. Kakakhala pa 2 n'kubwera 1, ndiye 5, chotsala 2, kakhala pomwepo. Ndinayesa ndi 1001, amene ndi 9. Kamwala kanachoka pa 0 kupita pa 1, kenako pa 2, kubwerera pa 1, n'kudzathera pa 0. Ndinayesa 110, amene ndi 6: kanathera pa 0. Ndinayesa 111, amene ndi 7: kanathera pa 1. Ndinakhala pamenepo mpaka mdima, ndikuyesa nambala ndi nambala, ana a eni nyumba atandizungulira kufunsa kuti bawo ya maenje atatu ndi yotani. Ndinali ndi chimwemwe chosakanikirana ndi chisoni, chifukwa funso limene linadyetsa amayi matumba awiri a mtedza linali loti ndikanalitha m'mphindi khumi.

Maenje omwewo anandithandiza kumvetsa mfundo imene ndinaijomba m'kalasi, yakuti pali ntchito zimene makina oterewa sangathe. Sangathe kutsimikiza kuti mndandanda uli ndi ma 0 angapo otsatizana kenako ma 1 ochuluka chimodzimodzi, pa utali wina uliwonse. Maenje ali ndi malire, ndiye ma 0 akachuluka kuposa maenjewo, kamwala kayenera kubwerera pa dzenje limene kanakhalapo kale, ndipo pamenepo makinawo asokoneza manambala awiri osiyana. Nditamvetsa izi ndinabwereka manotsi a sabata yomaliza, ndipo ndinapeza kuti aphunzitsi anathera pa Alan Turing, amene mu 1936 anasonyeza kuti ngakhale makina okhala ndi pokumbukira popanda malire ali ndi mafunso amene sangayankhe. Lodziwika kwambiri ndi lakuti palibe pulogalamu imodzi imene ingayang'ane pulogalamu ina iliyonse n'kunena molondola nthawi zonse ngati idzamaliza ntchito kapena idzangozungulira mpaka kalekale. Ndinadandaula kuti tsiku limene ankaphunzitsa zimenezi ine ndinali ku layibulale kuloweza chithunzi.

M'manotsi omwewo munali yankho la funso limene linkandidya kuyambira tsiku loyamba, lakuti zonsezi zikugwirizana bwanji ndi kompyuta. George Boole, amene ankaphunzitsa masamu ku Cork m'dziko la Ireland, anatulutsa buku mu 1854 losonyeza kuti kuganiza kwa "ndi", "kapena" ndi "ayi" kungalembedwe ngati masamu. Nthawi imeneyo kompyuta zamagetsi kunalibe. Mu 1937 Claude Shannon, ali wophunzira ku MIT ku America, anasonyeza kuti masamu a Boole ndi omwewo amene amafotokoza maswitchi a magetsi. Maswitchi awiri otsatizana pa waya umodzi, babu liyaka pokhapokha onse atayatsidwa: ameneyo ndi AND. Maswitchi awiri oyandikana, aliyense ndi njira yake, limodzi likwanira: ameneyo ndi OR. Ndipo kuphatikiza 1 ndi 1 mu binary, kumene kumapereka 10, ndi XOR wa tiyi ndi thobwa uja pa nambala ya kumanja, ndi AND pa nambala yosungira. Laputopu imene ndinkadandaula kuti sikutuluka m'chikwama inali yodzaza ndi ma truth table omwe aja. Aphunzitsi anazinena zonsezi. Ine ndi amene kunalibe.

Sabata yachitatu ndinangolemba mafunso, ndipo apa pali zingapo zothandiza zimene ndinaphunzira mochedwa. Yankho ndinkaliphimba ndi pepala mpaka nditalemba langa lonse, ngakhale likhale lolakwika. Ndikalakwa, ndinkalemba pambali chifukwa chake m'mawu anga, osangokopera lolondola. Mapepala a zaka zam'mbuyo ndinkawagwiritsabe ntchito, koma funso lililonse ndinkalisintha ndekha: akati ogawika ndi 3, ine ndiyese ndi 5, akati otha ndi 01, ine ndiyese oyamba ndi 01. Ndinasiyanso kudalira truth table pa chilichonse, chifukwa chilembo chilichonse chowonjezera chimachulukitsa mizere kawiri, ndipo zilembo 10 zimafuna mizere 1,024. Pa mayeso ulibe nthawi imeneyo, uyenera kudziwa malamulo ofupikitsira. Ma proof, kutsimikizira mzere ndi mzere kuti mfundo ndi yoona, ndi amene anandivutabe mpaka kumapeto, makamaka njira yake ina yotchedwa induction. Ndinafika poitha, koma mwapang'onopang'ono, ndipo sindinganame kuti masabata atatu anakonza zonse zimene ndinaononga m'miyezi inayi.

Tinapezana anthu asanu ndi mmodzi olemba sapu imeneyi amene tinkakhala dera limodzi, ndipo tinkakumana m'mawa uliwonse pansi pa mtengo wa mango. Lamulo lathu linali lakuti wofotokoza asayang'ane m'kope, ndipo womvera ali ndi ufulu wofunsa "chifukwa chiyani?" mpaka atakhutira. Mmodzi mwa ife, mnyamata wa ku Karonga, anati tsiku lina, "Aise, bwenzi titayamba izi mu sabata yachiwiri." Tonse tinali m'chipinda chija tsiku la Lilongwe ndi Zambia, tonse sitinamve, ndipo aliyense ankaganiza kuti ndi yekha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya tonse asanu ndi mmodzi.

Ndinapitanso kwa aphunzitsi, masiku anayi sapu isanachitike, ndi pepala la 9 pa 30 lija lili ndi mizere ya mopindidwa. Ndinkaopa kuti andifunsa kumene ndinali nthawi yonseyi. Anangokoka mpando n'kunena kuti, "Khalani, tione." Tinatha mphindi 40. Anandisonyeza kuti mafunso anayi mwa asanu ndi limodzi amene ndinalakwa anali ndi vuto limodzi lomwelo, kutsutsa chiganizo chokhala ndi "aliyense". Vuto limodzi, limene likanatheka tsiku limodzi pakati pa semesita.

Sapu ndinalemba Lachiwiri m'mawa. Funso la makina linali losiyana ndi onse amene ndinayesapo, koma ndinayamba ndi kudzifunsa chimene makinawo ayenera kukumbukira, ndipo timabwalo tinatuluka tokha. Funso limodzi la induction ndinalisiya theka. Zotsatira zinatuluka patatha masabata awiri ndi theka, ndipo masiku onsewo tulo sindinkaliona bwino. Ndinakhoza. Koma pa sukulu yathu, sapu ngakhale uikhoze bwanji amakulembera malikisi ongodutsira, ndiye pa transcript yanga kosi imeneyi ili pamenepo mpaka lero, ndipo inatsitsa avereji yanga ya chaka choyamba. Fufuzani malamulo a sukulu yanu pa nkhani imeneyi semesita isanafike pakati, mudziwenso kuti ma assignment ndi mayeso a pakati amatenga gawo lanji la malikisi onse. Mwa asanu ndi mmodzi a pansi pa mango aja, tinadutsa anayi. Awiri anabwereza kosi yonse chaka chotsatira pamodzi ndi a chaka choyamba.

M'chaka chachiwiri kosi imeneyi inabweranso m'maonekedwe ena: mu digital electronics, m'ma database pamene WHERE, liwu losankhira mizere imene ukufuna, yokhala ndi AND ndi OR inkabweretsa mizere yolakwika, ndi mu pulogalamu iliyonse yokhala ndi if. Tsiku lina ndinatha maola awiri ndikusaka vuto mu pulogalamu yanga ya Python, n'kupeza kuti ndinatsutsa "a and b" polemba "not a and not b". Anali De Morgan wa madzi ndi magetsi uja. Ndinakonza mzere umodzi, pulogalamu n'kuyenda.

Ndalama ya mtedza ndinabweza kwa amayi pa holide yotsatira, kuchokera ku kaganyu kophunzitsa kaja. Anakana kawiri, kachitatu analandira n'kukagula feteleza. Panopa ndili chaka chachitatu, ndipo Lachinayi masana ndimakhala ndi kagulu ka ana a chaka choyamba asanu ndi atatu. Tsiku loyamba ndimang'amba pepala zidutswa zinayi n'kulemba E, K, 4 ndi 7. Semesita ino asanu ndi mmodzi anasankha E ndi 4.